Sangweji ya Nkhumba m'Nyumba ya Che Amidu

Inu ana, Tadala ndi Yamikani, ndi iwe Chisomo amene ukuwerengera anzakowo, dziwani chinthu chimodzi: sanabadwe munthu amene angandigonjetse pa kunenerera. Sindikudzitama ayi. Kafunseni agogo anu aakazi. Ankhoswe awo anabwera pa chinkhoswe ndi zofuna zambirimbiri, anabwerera kwawo akundithokoza ngati ndawapatsa ng'ombe. Koma zimenezi musakawauze kuti ndanena ndine.

Mwakhala mukundivutitsa za chithunzi chimene ndinatumiza pa foni, cha buledi woyera wodulidwa bwino wokhala ndi nyama pakati. Yamikani akuti ndagula ku hotela ndipo ndikunamiza anthu. Iwe Yamikani, mutu ngati wa agogo ako, ndinapanga ndekha ndi manja awa. Dzina lake ndi katsu sando, chakudya cha ku Japan, ndipo mmene chinafikira m'khitchini mwathu muno mu Doha ndi nkhani imene ndikufuna muimve bwino.

Inu mwabadwira nthawi ya buledi wodulidwa kale, wa m'pulasitiki, amene mumasiya theka patebulo n'kuthamangira katuni. Ife tili ana ku Lunzu buledi ankabwera pa Khirisimasi kapena wina akadwala kwambiri. Ankabwera wamphumphu, atamangidwa ndi luzi kumbuyo kwa njinga, ndipo tinkanyema ndi manja. Ndewu yaikulu inali ya chimutu cha buledi, cholimba chija, chifukwa chimachedwa kutha m'kamwa. Nkhumba nayo tinkaidziwa pa chiwaya tsiku la msika. Munthu ankakudulira tizidutswa, n'kuika pa pepala la thumba la simenti, mchere ndi tsabola pambali, iwe n'kumabaya ndi kamtengo. Mafuta ankatsikira m'zigongono. Ndi pa chiwaya pomwepo pamene ndinaphunzira ntchito yanga yeniyeni. Ndinazindikira kuti ukaima pafupi n'kumayang'ana kumbali ngati sukufuna, wogulitsa amayamba yekha kukunyengerera ndi kachidutswa kolawa.

Nditakula ndinagulitsa kaunjika ku Limbe, ndinakwera sitima ya ku Balaka kukapikula tomato, ndinagulitsapo ngakhale mawilo a wilibala. Malamulo anga anali ochepa. Chinthu ukachikonda usachimwetulire. Chipezere chilema, ngakhale chilibe. Mtengo ukakanika tembenuka uzipita, koma pang'onopang'ono, kuti mawu a wogulitsa akupeze usanakhote. Ndipo usachoke wopanda basela. Inu a masiku ano mumangoloza khadi pa kamakina, kakalira mwalipira. Mumandimvetsa chisoni.

Kuno ndinabwera imvi zitayamba kale, pa kontirakiti ya udalaivala. Sabata yoyamba ndinayesa kunenerera anyezi mu supamaketi. Mtsikana wa pa tilu anandiyang'ana, anayang'ana kamakina kake, kenaka anaitana mlonda. Mlonda uja anandifunsa m'Chichewa kuti, achimwene, mwatsika liti ndege? Anali mnyamata wa ku Machinga, ndipo ndi amene anandilozera kwa Che Amidu.

Che Amidu ndi a ku Ntaja, Msilamu, mlonda wa pageti la hotela ina. Ndi amene amayang'anira fulati yathu ku Muntaza, zipinda ziwiri, amuna asanu ndi mmodzi, khitchini imodzi yoti anthu awiri akalowamo wina atuluke cham'mbuyo. Ndi munthu wamfupi, wa ndevu zoyera, amene amalankhula ngati mawu amagula. Anandipatsa bedi lapansi ponena kuti maondo anga si okwera makwerero. Nditadwala chifuwa m'chilimwe choyamba, chifukwa cha kutuluka mu eyakoni kulowa m'ng'anjo ya panja, ndi iwo amene ankandiphikira tiyi wa jinja. M'nyumbamo tinkaphika mphika umodzi, n'kudyera limodzi m'thireyi imodzi yaikulu pansi, monga amachitira Aluya. Anayi anali Asilamu, awiri a tchalitchi. Za nkhumba palibe ankazitchula. M'dziko muno siipezeka pa msika, imagulitsidwa pa sitolo imodzi kunja kwa tauni kwa anthu okhala ndi pemiti, ndipo pemiti imeneyo si ya madalaivala. Ndinaiwala, kapena ndinkaganiza kuti ndaiwala.

Kenaka ku ntchito anandipatsa bwana wa ku Japan, injiniya. Ife tinkawatcha a Wotchi, chifukwa ukafika nthawi yake yeniyeni iwo amaona ngati wachedwa. Tsiku lina tili pa saiti, anatsegula kabokosi ka chakudya kamene akazi awo anawalongedzera. Fungo limene linatuluka mmenemo, ana inu, linandinyamula pa mpando wa galimoto n'kukandiika pa msika wa Lunzu. Ndinayang'ana kumbali ngati sindikufuna. Lamulo lija limagwira ntchito ngakhale kwa Mjapani. A Wotchi anandifunsa ngati ndili Msilamu. Ndinayankha kuti ayi mwachangu choti ndinadzichititsa manyazi. Anandipatsa chidutswa chimodzi.

Buledi wofewa ngati thonje. Kenaka kukhukhuluza kwa nyenyeswa zokazinga. Kenaka nyama, yonenepa, yamadzi, ndi sosi wotsekemera pang'ono, wowawasa pang'ono. Ndinatafuna mwaulemu ngati ndili pamaso pa apongozi. Madzulo ake ndikuwatula kunyumba, ndinayamba ntchito yonyengerera mayi a kunyumba kwawo. Ndinatama sangwejiyo mpaka anagwira masaya. Ndinanena kuti munthu wosauka ngati ine sangaphunzire zotere. Anandilowetsa m'khitchini n'kundionetsa zonse. Sabata yotsatira anandilonjeza zidutswa ziwiri za nyama yaiwisi. Ndinausa moyo n'kunena kuti woyamba kuphunzira amapsereza. Zinakhala zinayi. Ndinafuna kulipira, anakana akuwerama, ine ndikuwerama, iwo akuwerama, mpaka msana unandikumbutsa zaka zanga.

Nyama inapezeka. Vuto linali khitchini. Mumvetse bwino apa, inu ana. Nkhumba ikangokhudza mphika wa m'nyumba ija, Che Amidu sakanadyanso nane thireyi imodzi. Sakanandikalipira, si khalidwe lawo. Akanangogula mphika wawo, n'kumadyera pa bedi, ndipo m'dziko la eni munthu amene umadya naye ndiye m'bale wako yekhayo. Kuphika mobisa sindikanatha, nkhumba siibisika, imadzilengeza yokha mpaka pa masitepe. Ndinaganiza kuti ndinenerere, monga ndimachitira ndi china chilichonse.

Ndinakonzekera ngati ndikukagula galimoto. Ndinayamba ndi mtengo wapamwamba, kuti ndikufuna khitchini yonse Loweruka lililonse, podziwa kuti tikatsika tidzafika pa tsiku limodzi. Ndinali nditakonza kale nkhope yokhumudwa ndiponso njira yotulukira pang'onopang'ono. Che Amidu anali akusita yunifomu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Mafi mushkila, a Mbewe." Ndiko kunena kuti palibe vuto.

Palibe chimene chimasokoneza wonenerera ngati munthu wovomera msanga. Ndinatsala ndi nkhope yanga yokhumudwa ija ndilibe koipititsa.

Akutembenuza malaya, anawonjezera kuti kungoti poto akhale wanga. Ndinati zimenezo n'zazing'ono. Anasita kolala, n'kunena kuti mpeninso, ndi thabwa lodulirapo, ndi mbale, ndi siponji yotsukira. Ndinavomera. Anati fuliji ndi ya tonse, nyamayo ikhale m'kabokosi ka ayezi pakhonde. Apa ndinalimba, ndinati ndiye ayezi agule a m'nyumba. Anavomera, ndipo mumtima ndinadziombera m'manja. Pomaliza anati Loweruka anyamata amakhala ali m'nyumba, bwanji Lachisanu masana, iwo onse ali ku mzikiti, mawindo otsegula, kamodzi kaye tione. Ndinapempha basela, kuti gasi akhale wa m'nyumba. Anati yala, ndiko kuti tiyeni m'Chiluya, tengani. Ndinatuluka m'chipindamo ndikuyenda ngati tambala. Ndinapeza khitchini, ayezi ndi gasi kwa munthu amene ndinkaganiza kuti andithamangitsa.

Ziwiya ndinakagula ku Umm Ghuwailina, ku timasitolo ta zinthu zakale, kumene munthu ungathe kunenerera mpaka thukuta. Poto ndinamupezera chilema pa chogwirira, mpeni ndinati ndi wobuntha, ndipo siponji inabwera ya basela. Tsiku limenelo ndinamva ngati ndabwerera ku Limbe.

Lachisanu linafika. Anzanga anasamba, anavala mikanjo yoyera ndi mizuli, anadzola mafuta onunkhira, n'kutuluka. Mnzanga wa tchalitchi uja anali pa shifiti. Ndinatsala ndekha ndi zidutswa zinayi za nkhumba.

Tsopano Tadala, iwe amene umati ukufuna kudzakhala wophika, tchera khutu. Nyama yake ndi ya pamsana, yopanda fupa, yokhuthala ngati chala chachikulu. M'mphepete mwake, pamene mafuta akumana ndi mnofu, umachekacheka ndi nsonga ya mpeni, apo ayi ikalowa m'mafuta imapindika ngati nsapato yonyowa. Kenaka umaimenya pang'ono kuti ifewe. Mayi aja ali ndi kahamala kake, ine ndinagwiritsa ntchito botolo. Mchere, tsabola wakuda. Ndiye mbale zitatu: fulawa, dzira lomenya, nyenyeswa za buledi. Nyenyeswa zake si zafumbi zija ayi, ndi zazikulu, zoyera, zopepuka, iwo amati panko. Ine ndinapala buledi wadzulo pa chopalira karoti, zinatuluka zomwezo. Dzanja limodzi la zouma, lina la dzira. Ine ndinaiwala, ndipo zala zanga zinavala nyenyeswa mpaka zinatsala pang'ono kukazingidwa nazo.

Mafuta akhale ambiri, nyama isambe, osati kupaka poto ngati mmene amachitira amayi ako pa mwezi woipa. Uponyemo kanyenyeswa kamodzi, kakangomira n'kubwerera pamwamba kakuvina, mafuta apsa. Ukaika nyama usaisokoneze. Imayamba ndi phokoso lalikulu ngati mvula pa malata, kenaka phokoso limachepa, ndiye utembenuze. Ikafiira ngati chitumbuwa chabwino, uchotse n'kuiimika chilili kuti mafuta atsike. Usaigoneke, imachita thukuta pansi.

Kabichi umamudula mopyapyala ngati tsitsi. Sosi wawo weniweni sindinamupeze, ndinasakaniza tomato sosi, sosi wakuda wa soya, kashuga ndi kaviniga, mpaka lilime linavomera. Buledi woyera wofewa, batala mbali imodzi, masitadi mbali inayo, kabichi, nyama yonyika mu sosi, n'kutseka. Kenaka umatsindika ndi mbale pamwamba kuti zigwirane. Chomaliza ndi chimene chinandipweteka: umadula makoko onse a m'mbali. Ine, mwana wa ku Lunzu amene ndinamenyedwapo chibakera chifukwa cha chimutu cha buledi, ndikudula makoko! Sindinataye ayi. Ndinawaika m'kapu kuti ndimwere tiyi. Ajapani andikhululukire.

Nditadula pakati ndinaona mizere yake, woyera, wobiriwira, wofiirira, ndi nyama yoyera pakati ikutuluka nthunzi. Ndinatsuka ziwiya zanga ndi siponji yanga, ndinapukuta chitofu kawiri, ndinayala nyuzipepala pansi pa balaza, n'kukhala. Ndinaluma kamodzi. Zinali zomwezo, mwina kuposa za mayi aja, koma zimenezi musakawauze a Wotchi.

Ndili pakati potafuna, chitseko chinatseguka. Che Amidu. Masiku onse akachoka ku mzikiti amakhala kaye pa kasitolo ka tiyi ndi anzawo, koma tsiku limenelo anabwera molunjika. Anavula nsapato pakhomo n'kupereka moni.

Inu ana, mukudziwa mmene tinaleredwera. Munthu akakupeza ukudya, pakamwa sipadikira mutu. Ndinangomva mawu anga akutuluka, dzanja langa likukankhira mbale kutsogolo: "Fikani, Che Amidu, tidye."

Mawu aja atagwa pansi ndinafuna kuwatola. Che Amidu anayang'ana mbale, anayang'ana ine. Ndinkayembekezera kuti aseka, kapena anena kuti zikomo ndakhuta. Sanatero. Analowa m'bafa, ndinamva madzi akutuluka, anabwera manja akudontha, n'kukhala pansi moyang'anana nane, atapinda miyendo bwinobwino.

Ndinachita chimene sindinachitepo chibadwire. Ndinakoka mbale kuichotsa pamaso pa mlendo, n'kuibisa kumbuyo kwanga ngati mwana wakuba shuga.

"A Mbewe," anatero mofatsa, "mwandiitana nokha. Ndasamba kale m'manja. Kwanu ku Lunzu munthu akasamba m'manja mumamubweza?"

Ndinayamba kunenerera. Ndinati pali tiyi ndi makoko a buledi. Anati makokowo akhudza mwini wake uja, poti nkhumba sankaitchula dzina. Ndinati ndikagule mpunga wa nkhuku pa kona. Anati sanaitanidwe ku mpunga. Ndinati mawa. Anayang'ana manja awo n'kunena kuti mawa adzakhala atauma. Ndinayesa lamulo langa lalikulu, kuimirira n'kumapita pang'onopang'ono, koma ndikanapita kuti, nyumba ndi yomweyo? Iwo anangokhala, osakwiya, osaseka.

"Ine ndaitanidwa ku chimenecho," anatero akuloza ndi chibwano kumbuyo kwanga. "Chooneka choncho, chodulidwa choncho. Kungoti chopanda mkuluyo."

Ndinakulunga masangweji anga, ndinaika m'kabokosi ka ayezi pakhonde. Ndinasamba thupi lonse, ndinasintha malaya. Ndinatsika masitepe kulowa m'dzuwa la masana a Doha, loti ngakhale amphaka amabisala pansi pa magalimoto. Mmwenye wa pa kasitolo kathu anali akutsegula kumene. Ndinagula chidali cha nkhuku, buledi watsopano, mazira, mafuta, kabichi wina, chifukwa zonse zoyamba zinali zitakhudzidwa ndi mpeni wanga uja. Anatchula mtengo, ndinalipira osatsegula pakamwa. Anandifunsa ngati ndikudwala.

Ndinayambiranso, ndi mapoto a m'nyumba. Chidali cha nkhuku umachipasula pakati kuti chifanane kukhuthala, ndipo sichichedwa kupsa ngati nkhumba, ukachisiya chimauma ngati chikwatu. Che Amidu anabwera kudzaima pakhomo la khitchini. Munthu wosalankhula uja tsiku limenelo anali ndi mawu. Anati kabichi ndadula mokhuthala. Anati woyamba uja ankaoneka wofiirira bwino kuposa uyu, kodi ndikuwachitira tsankho? Ndikudula makoko anagwira pamtima n'kunena kuti astaghfirullah, Mulungu atikhululukire, ndipo anawatola onse m'dzanja.

Anyamata atatu aja anafika mafuta akulira. Anaima pakhomo akununkhiza mokayika. Che Amidu anangoti, "Halali. A Mbewe atiitana." Ine sindikumbuka kuti ndinaitana anthu anayi. Ndinatsikanso kukagula nkhuku ina.

Tinadyera m'thireyi yathu yomwe ija. M'nyumba munkangomveka kukhukhuluza. Che Amidu anadya pang'onopang'ono, anatola nyenyeswa zotsala ndi chala, n'kunena kuti Ajapaniwa ndi anthu. Ine ndinadya nawo, ndipo ndinakhuta.

Zanga zija ndinazikumbuka dzuwa litapendeka. Ayezi anali atasungunuka, madzi atalowa m'pepala, buledi atasanduka phala. Ndinapulumutsa chidutswa chimodzi n'kukadyera pa masitepe, ndekha, nditayang'ana khoma. Nyama inali yomweyo, ya pamsana, yochokera kutali, yoti anzanga a ku Lunzu akanaigwadira. Koma inkatsika movuta. Ndinkangomva anyamata akuseka m'nyumba, ndipo ndinkafuna kudziwa kuti akuseka chiyani.

Lachisanu lotsatira ndinali nditagona, ndikupumitsa msana. Ndinamva anthu akubwera ku mzikiti, kenaka madzi akutuluka m'bafa. Nditatsegula maso, amuna anayi atakhala pansi mozungulira thireyi yopanda kanthu, manja akudontha. Pa tebulo la m'khitchini panali nkhuku, buledi ndi kabichi, atagula okha. Kuyambira pamenepo Lachisanu ndi langa. Anzathu ena a m'dera lathu lino anamva, amabwera ndi buledi wawo. A Wotchi analawapo, anatseka maso, n'kunena kuti ku Japan nakonso amapanga ya nkhuku, ndiye sindinalakwire dziko lawo. Poto wanga wa nkhumba uja ali pakhonde, Che Amidu anadzalamo timbewu tonunkhira ta mu tiyi. Nkhumba sanandiletse. Mpaka lero amandikumbutsa kuti pangano lilipo, gasi ndi ayezi ndi za m'nyumba, ndingonena tsiku. Ine ndi amene sindinanenenso.

Chithunzi chimene munaona chija ndi cha nkhuku. Ndikabwera pa holide ndidzakupangirani cha nkhumba yeniyeni ya pa msika wathu, ndipo amene adzataye makoko adzandidziwa.

Mwezi wathawu, tikutsuka thireyi, ndinawafunsa Che Amidu chimene chinawabweza msanga tsiku lija, osakhala kaye pa tiyi. Anapukuta manja nthawi yaitali.

"A Mbewe, ndagona nanu chipinda chimodzi zaka zonsezi. Inu ngakhale panado simumeza musanafunse mnzanu ngati akufuna. Ndinkadziwa kuti ndikangolowa mundiitana."

Ndinawafunsa kuti ndiye za poto, mpeni, ayezi, zonse zija zinali za chiyani. Anati zimenezo zinali zoona, chipembedzo si masewera. Kungoti fungo la zinthu zokazinga analimva kale pa malaya anga tsiku limene ndinaphunzira kwa mayi aja, ndipo anaona kuti si bwino luso lotere lithere pa munthu mmodzi.

Ndiye werengani nokha, inu ophunzira. Ine ndinapempha khitchini, ndinapatsidwa. Ndinapempha gasi ndi ayezi, ndinapatsidwa. Nkhumba yanga ndinadya, m'dziko limene ena amatha zaka khumi osaiona. Palibe chimene ndinapempha chimene Che Amidu anakana. Iwo sanapemphe kanthu, anangosamba m'manja, ndipo Lachisanu lililonse ine ndimaima pa mafuta otentha iwo atapinda miyendo. Agogo anu aakazi ndinawafotokozera pa foni, anaseka mpaka netiweki inaduka, choncho maganizo awo sindiwawerengera. Ndikufunsa inu, Chisomo, Tadala, ndi iwe Yamikani wokayika: pa malonda amenewa, anadyera mnzake ndani?